Makalata Anu: Kodi Chuma Chimadzichiza Chokha?

Tiyambe ndi kalata yochokera ku Mufakose, mu Harare muno ku Zimbabwe. Alemba ndi bambo ena a kwathu ku Dedza, amene ntchito yawo ya ku fakitale inatha nthawi ya ESAP, ndondomeko ya boma la Zimbabwe yokonzanso chuma. Akuti: "Achimwene, mu 1991 anatiuza kuti chuma chadwala, timwe mankhwala owawa. Mu 2018 nduna ya zachuma Mthuli Ncube anatiuzanso kuti timange malamba. Kodi akatswiri a zachuma amenewa udokotala anauphunzira kuti?"

Bambo, mwafunsa mwanthabwala koma mwalasa. François Quesnay, amene analemba chikalata cha zachuma chotchedwa Tableau économique mu 1758, anali dokotala weniweni, wa mfumu Louis XV ya ku France. Iye ankaona chuma chikuzungulira m'dziko ngati magazi m'thupi, ndipo gulu lake ndi limene linatchukitsa laissez-faire, chiphunzitso chakuti boma lisalowerere, msika udzikonza wokha. Pamene ine sindigwirizana nawo ndi apa: munthu akamwa mankhwala, womva kuwawa ndi wochira amakhala mmodzi. Dziko silitero. Pa ESAP wochotsedwa ntchito munali inu, olipira ku kiliniki anali mayi a kunyumba, koma opeza bwino anali ena.

Yachiwiri alemba ndi mayi ogulitsa tomato ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare. Akuti: "Pa 30 March 2020 anatitsekera m'nyumba chifukwa cha mliri wa Covid-19, tomato wanga anaola. Ku Malawi khoti linakana zotsekera anthu. Bwanji kuno sanangousiya mliri udzithere wokha ngati ku Sweden?"

Mayi, pepani ndi tomato uja, njala ya masiku amenewo tonse tikuikumbukira. Koma ku Sweden sanangopinda manja ayi. Analetsa misonkhano ya anthu oposa 50, ndipo ngakhale zinali choncho, mu 2020 anaika maliro ambiri kuposa anzawo a ku Norway ndi Finland, makamaka a okalamba. Ku Britain alangizi a boma anayamba ndi maganizo akuti matenda afalikire mpaka anthu ambiri akhale ndi chitetezo m'thupi, koma pofika pa 23 March anali atatseka dziko. Za ku Malawi nazonso tizimve bwino: amene anakadandaula ku khoti mu April sankati mliri usiyidwe, ankati musatseke anthu osauka musanakonze chimene adzadye. Dandaulo lanu lenileni ndi lomwelo, ndipo pamenepo ndili mbali yanu.

Za kuusiya udzithere wokha ndiye ayi. Ife a mu Harare tinaziona kale mu 2008, kolera itabuka ku Budiriro mipopi itauma. Anthu oposa 4,000 anamwalira m'dziko muno. Okhala ndi ndalama anakumbitsa mijigo pakhomo pawo, msika wa madzi n'kuyenda bwino ndithu, pamene ku Glen View anthu ankatunga m'zitsime zosatetezeka.

Pali ina ya ku Epworth yokhudza mapenshoni, tiiwerenga ikatha nyimbo iyi.