Tokmach: Msuzi wa Nkhuku wa Anthu a Chitata

Takulandirani, owonera athu. Lero tikuphika tokmach, chakudya cha Atata, anthu a ku Tatarstan m'dziko la Russia, kumene mtsinje wa Kama umathira mu Volga ndipo likulu lake ndi mzinda wa Kazan. Ndi msuzi wa nkhuku wokhala ndi tizingwe ta ufa wa tirigu todulidwa pamanja, ndipo kumeneko wophika amamuyesa pa zinthu ziwiri: msuzi ukhale woyera mbee, tizingwe tikhale topyapyala.

Tiyambe ndi msuzi, pakuti ndiwo umatenga nthawi. Ikani nkhuku yathunthu, makamaka yachikuda, mu mphika wa madzi ozizira, osati otentha. Madzi akayamba kuwira, pamwamba pamabwera thovu lotuwa, ndipo limeneli muzilichotsa ndi chipande mosatopa, chifukwa mukalisiya limabwerera pansi n'kudetsa msuzi wonse. Kenako ponyanimo anyezi wathunthu ndi karoti, thirani mchere, chepetsani moto kuti mphika uzingowira pang'onopang'ono kwa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Ena amaphika ndi ng'ombe kapena nkhosa, koma nkhumba simungaipeze m'mphika umenewu, poti Atata ambiri ndi Asilamu.

Nkhuku ikuphikika, tikande mtanda. Pa magalamu 200 a ufa swani mazira awiri, thirani mchere pang'ono, ndipo madzi muwonjezere pokhapokha mtanda ukakana kugwirana. Uyenera kukhala wouma ndi wolimba mpaka manja atope, chifukwa mtanda wofewa umamatirira ku mpeni ndipo tizingwe take timasungunuka mumsuzi. Uphimbeni, upume mphindi 30.

Apa ndi pamene pali luso lenileni. Onani mmene mtanda ukufutukulidwira ndi ndodo yaitali yosalala, kuchokera pakati kupita m'mbali, mpaka upyapyale moti mukauyika pa dzanja zala zikuoneka kuseri kwake. Usiyeni pa nsalu kwa mphindi zingapo kuti uwume pang'ono, koma osati mpaka kufika posweka. Nthawi imeneyi ndi yaifupi ndipo ambiri amaiphonya. Mukatero, upindeni, ndipo ndi mpeni wakuthwa dulani timizere tating'ono kwambiri, zala za dzanja lina zikubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Pa mwambo wa Chitata, kadulidwe ka tizingwe ta tokmach kankasonyeza ngati mtsikana wakhwima pa ntchito za pakhomo, ndipo mkwatibwi wodula tizingwe tonenepa ankadziwa kuti apongozi ake aona. Ife tinganene kuti chiyeso chimenechi chinali chokhwima, koma aliyense amene walawa tokmach wopyapyala amamvetsa chifukwa chake ankachisamala.

Tsopano vuulani nkhuku ndipo sefani msuzi. Tizingwe tija tikutumuleni pa sefa kuti ufa wotsalira ugwe, kapena tiviikeni kaye mwachangu m'madzi owira a mu mphika wina, kuti ufawo usasokoneze kuyera kwa msuzi umene mwauvutikira. Mukatiponya mumsuzi wowira, timapsa pa mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo tikangoyandama, phulani.

Kaperekedwe kake nakonso n'kosiyana ndi kathu. Alendo amalandira kaye mbale ya msuzi ndi tizingwe tokha, ndipo nyama imabwera pambuyo pake pa mbale yaikulu, pamodzi ndi mbatatesi yophika. Ena amathiramo katyk, mkaka wowawasa wofanana ndi chambiko. Pa ukwati wa Chisilamu wotchedwa nikah ndi pa maphwando amene achibale amasonkhana kuti amve Korani ikuwerengedwa, tokmach ndiye amatsegula chakudya.

Musaphike tizingwe tochuluka kuposa timene anthu adye nthawi yomweyo, chifukwa tikakhalitsa mumsuzi timatupa n'kumwa msuzi wonse. Totsala tiwumitseni bwinobwino tisanaphikidwe, ndipo tisungeni m'kathumba kansalu pamalo pouma.