Makalata a omvera: timabotolo ta makandulo tikatsala tizitani nato?

Takulandiraninso omvera athu, sabata ino makalata abwera ambiri koma ndasankhapo atatu poti onse akukamba za timabotolo tagalasi tija timabwera ndi makandulo onunkhira.

Yoyamba ndi ya mayi ena a ku Chilomoni, akuti: "Achimwene, mwana wanga ali ku Johannesburg ndiye amanditumizira makandulo a m'mabotolo. Atha onse, ndatsala ndi mabotolo 6 koma pansi pamata phula. Ndinathiramo madzi owira, limodzi linathetheka pompo, pang'onong'ono lindicheke chala. Nditani?"

Pepani kwambiri amayi, tithokoze kuti chala chapulumuka. Galasi silifuna kudzidzimutsidwa, makamaka miyezi ya June ndi July kuno ku Blantyre chiperoni chikagwa botolo limakhala lozizira zedi, ndiye mukalithira madzi ochoka pamoto mkati mumafufuma msanga kunja kusanatenthe, basi lang'aluka. Komanso phula silifuna madzi owira ayi, limasungunuka cha pa madigiri 50 mpaka 65. Ndiye yambani mwaliviika m'beseni la madzi ofunda, kenako muthiremo madzi otentha amene mwawaphula n'kudikira kaye pang'ono, musadzadze. Phula lonse liyandama pamwamba, lisiyeni ligone, m'mawa mukalipeza lauma ngati kachitumbuwa mungolitola ndi zala. Amene muli ndi filiji, liikeni mu fiza usiku umodzi, phula limanyala n'kuzuka lokha ndi supuni. Kachitsulo kogwira chingwe kaja katukuleni ndi supuni yomweyo, chomata cha pepala pakani mafuta ophikira kenako sopo. Koma chonde amayi madzi a phulawo osathira mu sinki, akazizira amatseka paipi, mudzalipira pulambala pa zinthu zazii.

Yachiwiri walemba mtsikana wa ku Bangwe, akufunsa ngati angasungiremo mchere, shuga ndi masamba a tiyi.

Achemwali, ine pamenepo ndikanako. Mafuta onunkhiritsa aja sanapangidwire pakamwa, ndipo fungo limakanirira makamaka pa chivindikiro, tiyi wake mudzamva ngati mukumwa perefyumu. Za kudya sungani m'mabotolo a jamu kapena a chiponde. A makandulowa ikanimo mabatani, singano, machesi, mapini a m'mutu, ndalama zachitsulo zija zimangosowa m'nyumba. Mukapita mumsika wa Limbe pemphani atelala tizidutswa ta chitenje totsala, mukulunge botolo ndi guluu, mumange kachingwe pakhosi, eee mlendo adzafunsa kuti munagula kuti. Mayi anga amadula nsonga ya kholowa n'kuiviika m'botolo pa windo, isanathe sabata mizu yoyera yayamba kuoneka, ana amakonda kuonerera kwabasi. Madziwo muzisintha pafupipafupi kuti udzudzu usaswanemo.

Yomaliza ndi ya bambo a ku Ndirande ndipo iyi ndi imene yandigwira mtima. Akuti: "Magetsi akazima timagwiritsa makandulo ambiri, tizidutswa ndimasunga mu chitini. Ndikufuna ndisungunule pa mbaula ndithire m'mabotolomo, akazi anganso akufuna enawo asakanize ndi parafini apange polishi wapansi."

Achimwene maganizo ndi abwino ndithu, ndalama ikuvuta ndipo palibe chifukwa chotayira phula. Koma chitini cha phula chisakhale pa makala chokha, phula likatentha kwambiri limayaka ngati mafuta. Ikani chitinicho mkati mwa poto wa madzi, madziwo ndi amene asungunule, inu mukhale pomwepo osachoka, ana atalikire. Likayaka musathire madzi, moto umathovoka n'kumwazikira kumaso, vindikirani basi. Chingwe chikhale cha thonje osati nayiloni, chimangeni ku kamtengo kopingasa pakamwa pa botolo kuti chiime pakati, chikapendekera ku galasi lawi limaliswa. Botolo loti lili ndi mng'alu ngakhale waung'ono musayatsiremo, ndipo kandulo ikatsala pang'ono kufika pansi izimitseni.

Za polishizo, uzani alamu kuti parafini asamayandikire mbaula ngakhale pang'ono. Aphule kaye phula, apite nalo panja kutali ndi moto, ndiye athire n'kutakasa. Nyumba zathu za ku Ndirande n'zogundana, moto ukabuka pa khomo limodzi sufunsa kuti mpanda ndi wa ndani, ndiye ndikupemphani ndithu achimwene muchite zimenezi masana, wina wamkulu ali pafupi.

Mayi a ku Chilomoni, mabotolo 5 otsalawo mukatsuka mutilemberenso, tikufuna timve kuti mwaikamo chani. Tiyeni timvere kaye nyimbo.