Tulo tikasowa: vuto lili m'maganizo kapena pa mpweya?

[Wofotokoza akuyang'ana kamera]

Moni nonse, kaya mukutionera pa boma ku Dedza, ku Lobi, ku Tsangano kapena pa Lizulu. Anthu awiri akhoza kufika kuchipatala ndi dandaulo limodzi lakuti "sindikugona bwino", chonsecho wina vuto lake lili m'maganizo, winayo lili kukhosi kapena m'chifuwa. Piritsi logonetsa limene lingamupumitseko woyambayo likhoza kumupweteka wachiwiriyo. N'chifukwa chake tikufuna mudziwe kaye mbali imene muli musanamwe chilichonse.

Munthu wamkulu amafunika tulo ta maola 7 mpaka 9. Kuchezera usiku umodzi kapena uwiri chifukwa cha maliro, mwana wodwala kapena ngongole ya feteleza si matenda. Timati ndi matenda zikamachitika katatu kapena kuposa pa sabata, kwa miyezi itatu, mpaka masana ntchito kumakanika.

[Chithunzi cha m'kamwa ndi kukhosi]

Tiyambe ndi mkonono, poti ambiri amangouseka. Munthu akagona, minofu ya kukhosi imamasuka. Kwa ena, lilime ndi nyama zofewa za kumbuyo kwa kamwa zimagwera m'mbuyo n'kuchepetsa njira ya mpweya. Mpweya ukamadutsa mopanikizika, nyamazo zimanjenjemera, ndiwo mkonono mukuumvawo. Njirayo ikatsekekeratu, munthu amakhala masekondi 10 kapena kuposa osapuma: chifuwa chikukoka, mpweya osalowa. Okosijeni amatsika m'magazi, ubongo umamudzidzimutsa, amakoka mpweya mwamphamvu ngati watsamwa, n'kugonanso. Kukacha sakumbuka kanthu. Madokotala amati sleep apnea. Zikachitika kasanu kapena kuposa pa ola limodzi amaziwerengera ngati matenda, ndipo zikafika maulendo 30 pa ola ndiye kuti zakula.

Mwini wake sadziwa. Amene amadziwa ndi mayi kapena bambo a kunyumba amene amagona naye. Ngati ndinuyo, usiku wina musamugwedeze. Mvetserani mkononowo, ndipo ukaduka, werengani chamumtima mpaka atapumanso. Jambulani ndi foni kwa mphindi zitatu, chifuwa chizioneka. Kanema ameneyu amathandiza dokotala kuposa kufotokoza kwa pakamwa, komanso amathetsa mkangano wa "ine sindiliza mkonono".

Mwini wakeyo amaona zina: kudzuka kukamwa kuli gwa, mutu kuwawa m'mawa, kutuluka kangapo usiku kukataya madzi, kusinza m'tchalitchi, pa msonkhano, ngakhale pocheza. BP imakananso kutsika ngakhale akumwa mankhwala mwandondomeko, chifukwa kudzidzimuka kulikonse kumaukwapula mtima. Vutoli limakonda anthu onenepa ndi a khosi lalikulu. Tengani tepi ya telala muyeze kuzungulira khosi: masentimita 43 kwa abambo, 40 kwa amayi, ndi chizindikiro. Koma owonda nawo limawagwira, makamaka a chibwano chaching'ono kapena otsekeka mphuno. Mwana woliza mkonono usiku uliwonse, wogona kukamwa kuli yasa, nthawi zambiri ndi matonsi (timinofu tiwiri ta m'mbali mwa kukhosi) otupa, ndipo akaonedwe kukhosi. Madalaivala a minibasi ndi malole pa msewu wa M1, tikukupemphani: ngati mumasinza pa chiwongolero, pitani kuchipatala, musadikire mawa.

Chimene mungayambe lero ndi kagonedwe. Kugona chagada ndiko kumagwetsera lilime m'mbuyo, choncho gonani chammbali. Poti munthu amatembenuka m'tulo osadziwa, ikani chitsononkho mu sokosi, muisokerere kumsana kwa malaya ogonera. Mukatembenukira chagada chimakubayani, mumabwerera chammbali. Kwezani bedi kumutu ndi njerwa, masentimita 10 mpaka 15. Kuunjika mapilo sikufanana nazo, kumangopinda khosi. Mowa wamadzulo, kaya kachasu, masese kapena wa m'botolo, umafooketsa minofu ya kukhosi ndipo kubanikako kumatalika. Fodya amatupitsa njira ya mpweya. Kuchepetsa thupi kumathandiza kwambiri. Kwa amene zakula pali makina a CPAP, amene amakankha mpweya kudzera pa chovala cha kumphuno kuti njira isatsekeke, koma amafuna kuyezedwa kaye ndiponso magetsi usiku wonse.

Si kubanika konse kwa usiku kumene kumachokera kukhosi. Mphumu imakonda kuvuta m'bandakucha: chifuwa chimathina, popuma pamamveka kuliza ngati kherere, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julaye, utsi wa nkhuni ndi fumbi la m'mabulangete zimaiutsa. Ngati imakudzutsani usiku, mankhwala opopera amene muli nawo sakukwanira, kawauzeni achipatala. Munthu amene akagona chathyathyathya mpweya umamuthera, mpaka kugona chokhala, mapazi otupa, ameneyo akayezedwe mtima msanga. Kukhosomola kopitirira masabata awiri, thukuta lonyowetsa zofunda usiku ndi kuwonda, kayezetseni TB.

[Chithunzi cha mbaula ya makala m'chipinda chotseka]

Apa timvetsereni bwino anthu a ku Dedza, Bembeke ndi Tsangano, kumene chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Mbaula musagone nayo m'nyumba. Makala, ngakhale atafiira bwino osatulutsa utsi, amatulutsa mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a okosijeni, ndipo wogona sadzuka kuti athawe. Mukaona anthu angapo m'nyumba imodzi akudandaula mutu, chizungulire ndi nseru nthawi imodzi, tsegulani zitseko, tulutsani aliyense panja, thamangani nawo kuchipatala. Otherani moto kukadali madzulo, mbaula ituluke, muwonjezere bulangete ndi chipewa.

[Wofotokoza]

Tsopano za maganizo. Wa nkhawa vuto lake limayamba asanagone: thupi latopa koma mutu ukuwerengera fizi, mtengo wa mbatata ku msika, mawu amene apongozi ananena. Ena amagona, n'kudzidzimuka pakati pa usiku mtima ukugunda kwambiri, thukuta, manja akunjenjemera, akuona ngati akufa. Mantha oterewa amafika pachimake m'mphindi 10 kenako n'kumatsika okha. Munthu amapuma mothamanga, ndipo kupuma kothamangako ndiko kumabweretsa dzanzi m'zala ndi chizungulire, zimene zimawonjezera manthawo. Khalani tsonga, dzanja pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ikwere. Tulutsani ndi pakamwa pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Chitani choncho mphindi zisanu. Chinsinsi chili pa kutulutsa motalika, chifukwa ndiko kumachepetsa kugunda kwa mtima. Koma ngati chifuwa chikupweteka ngati mwapsinjidwa, ululu n'kumafika kudzanja kapena kunsagwada, musati ndi nkhawa. Pitani kuchipatala usiku womwewo.

Cholakwika chachikulu ndi kukakamira pabedi. Mukamagubuduka maola awiri usiku uliwonse, ubongo umazolowera kuti bedi ndi malo olimbana ndi maganizo. Mukaona kuti papita mphindi ngati 20 tulo osabwera, dzukani. Khalani pampando, kuwala kochepa, tongolani chimanga kapena pempherani, ndipo mubwerere pokhapokha maso akalemera. Nthawi musayang'ane, foni ikhale kutali. M'mawa dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale mwagona maola anayi okha, ndipo muwothere dzuwa. Sabata yoyamba imawawa ndipo ambiri amasiyira pomwepo, komatu ndi kutopa komweko kumene kumabwezeretsa tulo. Masana mukafuna kugona, musapitirire mphindi 30. Nkhawa zipatseni nthawi yake kusanade: tengani kope, lembani chimene chikukuvutani ndi chinthu chimodzi chimene mudzachite mawa.

Tiyi, khofi, Coca-Cola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zili ndi caffeine, chinthu chothamangitsa tulo. Pakatha maola pafupifupi asanu, theka lake limakhala likadali m'thupi, choncho tiyi wa 5 koloko madzulo akugwirabe ntchito 10 koloko usiku. Womaliza akhale wa masana.

Pali china chimene chimaopsa mabanja ambiri: kudzuka maso ali tseguke, thupi osasuntha, mawu osatuluka, ngati wina wakukhalirani pachifuwa. Pa nthawi yolota, ubongo umaletsa minofu kugwira ntchito kuti tisamachite zimene tikulota, ndipo nthawi zina munthu amadzuka minofuyo isanayambenso kugwira ntchito. Zimatha zokha m'masekondi kapena mphindi zochepa, mpweya umakhala ukulowa ndithu. Zimachuluka mukamagona mochedwa ndiponso chagada. Yesani kugwedeza chala chimodzi.

Za mapiritsi: diazepam, amene ena amamwa kuti agone, amazolowereka msanga ndipo amafooketsa kupuma, choncho kwa woliza mkonono wodukiza ndi woopsa, makamaka akaphatikiza ndi mowa. Piriton ndi wa ziwengo, ndipo kugonetsa kwake kumatha mphamvu pakapita masiku ochepa. Amene muli pa ma ARV, dolutegravir, amene ndi amodzi mwa mankhwalawa, amasowetsa tulo anthu ena. Musasiye kumwa, kambiranani ndi achipatala za kumwa m'mawa. Ngati kusowa tulo kwabwera ndi kutaya mtima, kusafuna kudya kapena maganizo odzipha, uzani munthu amene mumamudalira lero lomwe, akuperekezeni kuchipatala.

Popita kuchipatala chaching'ono cha kwanu, kapena cha boma ku Dedza kapena ku Ntcheu, tengani buku lanu la kuchipatala, mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo azitsamba, kanema uja, ndi pepala la masabata awiri losonyeza nthawi yogona, yodzuka ndi zimene munamwa madzulo. Pitani ndi amene mumagona naye. Pemphani akuyezeni BP, shuga ndi sikelo, akuoneni kukhosi ndi kumvetsera m'chifuwa. Zikafunika akatswiri, adzakulemberani kalata yopita ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.