Fesa m'mawa, ngakhale wokolola adzakhale wina

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu m'mawa uno ali pa Mlaliki 11:6, pamene tikuuzidwa kuti tifese mbewu m'mamawa ndipo madzulo tisapumitse dzanja, popeza sitidziwa kuti zimene zidzabereke bwino ndi ziti.

Vesili limandikumbutsa Thomas Fowell Buxton, phungu wa Nyumba ya Malamulo ya ku Britain amene anabadwa mu 1786. Anali wamtali ndi wojintcha moti anzake ankangomutcha Njovu. Mu 1807 anakwatira Hannah Gurney, mng'ono wake wa Elizabeth Fry, mayi uja ankalowa m'ndende za ku London kukathandiza akaidi achizimayi. Buxton ankayendetsa nawo kampani yofulula mowa ya amalume ake, ndalama zinalipo, ndipo mu 1818 anthu a ku Weymouth anamusankha kukhala phungu wawo. Zonse zinkaoneka kuti zili m'malo mwake.

Mu 1820 imfa inalowa pakhomo pawo. Anayamba ndi mwana wawo wamwamuna wamkulu, wazaka 10. Misozi isanaume, chikuku ndi chifuwa chokoka mtima zinagwira ana ena, ndipo ana aakazi atatu anatsatira mlongo wawo. Maliro anayi m'nyumba imodzi, m'masabata asanu okha. Amene munaikapo mwana m'manda mukudziwa mmene zimakhalira kupeza kansapato kake pansi pa bedi, kapena kulakwitsa kuwerenga mbale pokonza chakudya. Hannah zimenezi zinamuchitikira kanayi. Banjalo linachoka ku Hampstead n'kukakhala ku Cromer, m'dera la Norfolk, m'mphepete mwa nyanja. Bambo wotere akanasiya zonse n'kudzitsekera m'nyumba, palibe akanamudzudzula.

Koma chaka chotsatira, mu 1821, mlamu wake Priscilla Gurney ali pafupi kutsirizika anamuchonderera kuti asaiwale akapolo. Chaka chomwecho William Wilberforce, phungu amene ankatsogolera ntchito yothetsa ukapolo koma thupi linali litayamba kumukanika, anamulembera kalata yomupempha kuti asenze nawo nkhondo yolimbana ndi ukapolo. Malonda ogula ndi kugulitsa anthu Britain inali italetsa kale mu 1807, koma amene anali kale m'minda ya nzimbe ku Jamaica, Barbados ndi zilumba zina anali akadali katundu wa eni minda. Buxton anavomera mabala a mumtima akadali aawisi. Ambiri a ife timati tidzatumikira Mulungu zinthu zikadzakhala bwino, mtima ukadzapola. Iyeyu anayamba ntchito akulira.

Mu 1823 anaimirira m'Nyumba ya Malamulo kupempha kuti ukapolo uthe. Zinamutengera zaka 10. Eni minda anali ndi aphungu awo, ndipo ankamunyoza poyera. Mu 1827 anadwala mwakayakaya ali mkati mofufuza nkhanza zimene akapolo ankachitiridwa ku Mauritius. Munthu amene anamugwira mkono pa ntchitoyi, yemwe satchulidwa kawirikawiri, ndi mwana wake wamkazi Priscilla. Ndiye ankamulembera makalata, kusanja mapepala a umboni ndi kumuthandiza kukonza zokalankhula. Anathandizanso pa chikalata chodandaula cha amayi chimene chinasainidwa ndi anthu pafupifupi 187,000 n'kuperekedwa ku Nyumba ya Malamulo mu 1833. Makolo, tisapeputse ana athu aakazi pa ntchito ya Mulungu.

Lamulo lothetsa ukapolo linadutsa mu 1833, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 1834. Tsiku lomwelo Priscilla anamanga ukwati ndi Andrew Johnston. Anthu pafupifupi 800,000 anasiya kutchedwa akapolo. Komabe pali mbali imene imandiwawa. Boma linapereka mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo monga chipukuta misozi, pamene amene anakwapulidwa ndi kulandidwa ana sanalandire ngakhale khobidi. Anawakakamizanso kugwirabe ntchito kwa mabwana awo akale mpaka 1838. Buxton analolera zimenezi poopa kuti lamulo lonse lingagwe, ndipo anzake ena anamudzudzula kwambiri. Ine ndimaona kuti odzudzulawo anali ndi mfundo. Atumiki a Mulungu nawonso amafesa ndi manja osalungama kwenikweni, ndipo sitiyenera kubisa zimenezi pofuna kuwalemekeza.

Atagonja pa chisankho cha 1837, mtima wake unatembenukira ku Africa, kumene sanapondeko phazi moyo wake wonse. Maganizo ake anali akuti malonda a akapolo adzatha pokhapokha Uthenga Wabwino, ulimi ndi malonda achilungamo zitafika kumene anthu ankagwidwako. Pa 1 Juni 1840 panachitika msonkhano waukulu wolimbikitsa maganizowa ku Exeter Hall mu London, wotsogoleredwa ndi Prince Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria. Chaka chotsatira sitima zitatu zapamadzi, Albert, Wilberforce ndi Soudan, zinanyamuka kupita ku mtsinje wa Niger. Malungo anawagwira. Mwa azungu pafupifupi 150 amene anapita, oposa 40 anamwalira, ndipo ulendowo unathera panjira. Nyuzipepala zinamuseka. Tangoganizani kugona usiku ukudziwa kuti akazi amasiye ndi ana amasiye akulira chifukwa cha ulendo umene iwe unalimbikitsa. Nkhaniyi inamuswa mtima, thanzi lake silinabwererenso, ndipo anamwalira pa 19 Febuluwale 1845 ku Northrepps, ali ndi zaka 58.

Tsono tamvani zimene iye sanazione. Pakati pa khamu lija la ku Exeter Hall panakhala mnyamata wa ku Scotland amene ankaphunzira udokotala, dzina lake David Livingstone. Panalibe amene ankamudziwa. Kumapeto kwa chaka chomwecho ananyamuka kubwera ku Africa, ndipo mu 1859 anakwera mtsinje wa Shire mpaka kufika ku nyanja yathu, kumene anaona ndi maso ake mmene malonda a akapolo ankathera anthu. Zimene ankalalikira, zoti Chikhristu ndi malonda achilungamo ziyendere limodzi, zinali zomwe zija Buxton ankanena. Ndipo m'sitima zija za ku Niger munali Samuel Ajayi Crowther, Myoruba amene anagwidwa ukapolo ali mnyamata n'kupulumutsidwa panyanja. Iye malungo sanamuphe. Anabwererako kukalalikira, anamasulira Baibulo m'Chiyoruba, ndipo mu 1864 anadzozedwa kukhala bishopu woyamba wachiafirika wa mpingo wa Anglican. Apa n'kuti Buxton atagona m'manda zaka 19.

M'banja mwake momwe mbewu inamera. Mdzukulu wake Barclay Buxton anapita ku Japan mu 1890 kukhala mmishonale. Mwana wa Barclay, Alfred, anatsagana ndi mmishonale C. T. Studd kupita ku Congo mu 1913.

Mwina m'mawa uno mwadzuka ndi mtima wolefuka. Mwaphunzitsa Sande sukulu zaka zambiri koma ana aja akukulira m'malo omwera mowa. Mwapempherera amuna anu mpaka mawondo kuchita zikang'a koma palibe chasintha. Mwalera ana a malemu achemwali anu, lero sakuimbirani ngakhale foni. Mlaliki sakutilonjeza kuti tidzaona zokolola ndi maso athu, akungotiuza kuti sitidziwa mbewu imene idzabereke, choncho tifese zonse. Pitani mukaphunzitsebe kalasi ija Lamulungu likubwerali, ndipo pemphero lija musalisiye usiku uno.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikupereka m'manja mwanu makolo onse amene aika ana awo m'manda, muwagwire dzanja lero. Kumbukirani amene akugwiritsidwa ntchito ngati akapolo m'masiku athu ano, makamaka atsikana otengedwa mwachinyengo kupita kunja. Patsani aphungu ndi atsogoleri athu mtima woopa Inu. Amene manja awo alema, apatseni mphamvu zogwirira ntchito ya lero. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.