Mutu woyambira m'khosi: manja agwire pati, ndipo motani

Mwaswera bwanji omvera athu kuno ku Nkhotakota, kuyambira paboma mpaka ku Dwangwa. Lero tikambe za mutu uja umayambira kunkhongo n'kukwera mbali imodzi mpaka kuseri kwa diso. Mukacheuka kapena kuwerama nthawi yaitali umakula, ndipo khosi limakana kutembenukira mbali imodzi. Khosi lili ndi mafupa 7, koma mutu woterewu umachokera pa atatu apamwamba ndi minofu yowazungulira. Amayi osenza ndowa ya malita 20, dziwani kuti ndi makilogalamu 20 amenewo. Odzala mpunga, asodzi osoka maukonde ndi atelala, nanunso mukuudziwa.

Musanamugwire munthu, mvetsetsani apa. Ngati thupi latentha ndipo khosi lauma gwa, musasisite ayi. Akhoza kukhala malungo kapena matenda oumitsa khosi. Chimodzimodzi ngati mutu wayamba mwadzidzidzi mwamphamvu, ngati wagwa kapena wachita ngozi ya njinga, akuona zinthu ziwiriziwiri, lilime likulemera, kapena mkono wachita dzanzi. Ameneyo thamangirani naye kuchipatala.

Ngati zonsezi palibe, agone chagada pamphasa. Inu khalani kumutu kwake, mulowetse manja onse awiri pansi pa mutu. Nsonga za zala zipeze pomwe fupa la mutu lathera, paja pamayamba kufewa. Pindani zala ziloze kumwamba, basi, musakankhe. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, kulemera komweko n'kokwanira. Dikirani mphindi 2 kapena 3 iye akupuma pang'onopang'ono, mudzamva minofu ikufewa pazala zanu. Ambiri amalakwitsa apa: amadinikiza ndi mphamvu, minofu n'kudzikunga, mawa lake mutu n'kuwirikiza. Komanso zala zisapite kutsogolo kapena m'mbali mwa khosi, muli mitsempha ikuluikulu ya magazi.

Kenako mnofu wa pakati pa khosi ndi phewa. Mukapeza kamfundo kolimba, katsineni ndi chala chachikulu ndi zinazo kwa masekondi 30. Aziumva ululu, koma osafika pomanga mpweya.

Tsopano njira ya thaulo, yochita nokha mutakhala pampando. Tinene kuti khosi likukana kumanja. Kolekani mphepete mwa thaulo kunkhongo, m'munsi mwenimweni mwa fupa la mutu. Pingasitsani manja: lamanzere ligwire nsonga yakumanja n'kuitsamiritsa pachifuwa, lamanja ligwire nsonga yakumanzere n'kuikokera kutsogolo, idutse patsaya molingana ndi mlomo wapamwamba. Cheukirani kumanja thaulo likuperekeza, muime masekondi 3, mubwerere. Kawiri m'mawa, kawiri madzulo. Izi siziyenera kupweteka. Zikapweteka ndiye kuti thaulo latsika kapena mwakoka kwambiri. Mukamva chizungulire, lekani pomwepo.

Kuti mutuwo usamabwerebwere, gonani chagada, mubweze chibwano mkati pang'ono ngati mukuvomera, mutu osaudzutsa. Masekondi 10, maulendo 10 patsiku.

Ndipo chonde, zopotokola khosi la mnzanu kuti lilire "thu" zija, lekani. M'mafupa a m'khosi mumadutsa mitsempha yopititsa magazi ku ubongo. Ikang'ambika munthu akhoza kufa ziwalo. Pakatha masabata 2 kapena 3 osasintha, pitani kuchipatala cha boma mukafunse za mafizo, akakuyezeni khosilo bwinobwino.