Munda wa paini ungasanduke bwanji nkhalango yosadulidwanso?

Taonani pansi pa mitengo m'munda wa paini. Pali mdima, masamba ouma aunjikana, palibe chomera n'chimodzi chomwe. Tikufuna malo otere akhale nkhalango yokhalitsa, koma amene angayambe ndi kugwetsa mitengo yonse nthawi imodzi walakwitsa kale.

Chifukwa chake nachi. Pafupifupi theka la kulemera kwa mtengo wouma ndi kaboni, ndipo tani imodzi ya kaboni ikapsa kapena kuola imatulutsa matani 3.67 a mpweya wa carbon dioxide, womwe umatenthetsa dziko. Mukapulula munda wonse, nthambi ndi mizu zimaola, nthaka imakokoloka, ndipo choyamba kumera si mitengo yachilengedwe ayi, koma udzu ndi tiana ta paini yemweyo.

Ndiye patulirani pang'onopang'ono. Ulendo umodzi chotsani mtengo umodzi pa inayi iliyonse, kenako dikirani zaka zingapo. Mukapyola muyeso, yotsalayo imazuka ndi mphepo, pajatu inakula mothithikana, yaitali koma yoonda. Apo ndi apo tsegulani mipata yotambalala ngati kutalika kwa mtengo umodzi kuti dzuwa lifike pansi, ndipo palani masamba aja kuti njere zikhudze dothi.

Mitengo ina musaigwetse n'komwe. Sendani khungwa kuzungulira thunthu lonse, masentimita ngati 30. Paini amauma ali chiimire, ndipo bowa, tizilombo ndi agogomole amapezapo pokhala. Bulugamu, ngati alimo m'mundamo, ndiye wamakani: amaphukira pachitsa, choncho muzithyola mphukirazo mobwerezabwereza mpaka chitsacho chife.

Kodi n'kofunika kubzala? Ngati nkhalango yachilengedwe ili pafupi, mbalame, mileme ndi mphepo zimabweretsa njere zokha, inu n'kumangoteteza zomerazo ku ziweto. Ikakhala kutali, bzalani mbande za mitundu yosiyanasiyana ya m'deralo m'mipata muja, mvula ikakhazikika.

Chimene chimawononga ntchito yonseyi kawirikawiri ndi moto. Nthambi zotsala popatulira ndi nkhuni zokonzeratu, choncho musaziunjike patsinde pa mitengo, ndipo lambulani njira zotchinga moto chilimwe chisanafike. Tiana ta paini muzizula chaka ndi chaka tikadali tating'ono, tisanayambe kubala njere.

Ntchitoyi si ya zaka ziwiri. Ku New Zealand, kuyambira 2023, wolembetsa nkhalango yake ngati yokhalitsa pamsika wa kaboni, pomwe eni nkhalango amapeza ndalama chifukwa cha kaboni amene mitengo yawo yasunga, saloledwa kuipulula kwa zaka 50.