Dzenje la nengo ndi nyama zimene zimagonamo

Zikomo a Gulupu, mafumu onse, amayi ndi abambo. Inu achinyamata mwakhala kumbuyo uko, sendererani kuno kumthunzi kuti timvane bwino.

Kuno kumalire a paki ya Kasungu tikakumana chonchi nkhani imakhala ya njovu basi, makamaka chibwerere njovu 263 zija kuchokera ku Liwonde mu 2022. M'pomveka, chifukwa njovu ikangolowa m'munda usiku umodzi, chakudya cha chaka chonse chapita. Koma lero njovu tiziike pambali kaye. Pakiyi kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 2,300, ndipo nyama zambiri za m'menemo simudzaziona masana. Zimayenda usiku, zimagona pansi pa nthaka, ndipo za malire sizidziwa: zili m'minda mwanu, m'mphepete mwa madambo, ngakhale m'nkhalango za kumanda. Ndikamba za nengo, ngaka, chiuli ndi nungu. Zonsezi zimakumana pa chinthu chimodzi, dzenje.

Mwini dzenje ndi nengo. Ambiri mwakalamba osamuonapo, koma ntchito yake mumaipunthwa tsiku ndi tsiku. Ndi nyama yolemera makilogalamu 40 mpaka 65, ya msana wokhota, makutu aatali osongoka, mlomo wautali ndi mchira wonenepa kutsinde. Lilime lake limafika masentimita 30, lomata, ndipo chakudya chake ndi nyerere ndi chiswe. Kukada amatuluka n'kumayenda mokhotakhota mphuno ili pansi. Akamva fungo amakumba pang'ono, kunyambita, n'kupita pena. Chulu sachigumula chonse. Amaboola m'mbali, kudya kwa mphindi zochepa, n'kuchisiya kuti chiswe chimatenso, adzabwererenso tsiku lina. Usiku umodzi amadya tizilombo masauzande ambirimbiri, chiswe chomwe chija chimagwetsa chimanga chanu chikayamba kuuma ndi kudya nsichi za zigafa.

Mukafuna kudziwa ngati wadutsa, yang'anani pa dothi lofewa m'mamawa. Phazi lakutsogolo lili ndi zala zinayi, lakumbuyo zisanu, koma pansi zimaonekera bwino zikhadabo zitatu, ndipo pena pakati pa mapaziwo pamakhala mzere wa mchira. Ndowe zake amakwirira. Mukazifukula n'kuziphwanya mupeza dothi lokhalokha ndi timitu ta chiswe.

Maenje ake ali mitundumitundu, ndipo apa m'pamene ndikufuna mumvetsetse. Pali tokumbakumba tosaya todyera, topita mkono umodzi. Pali dzenje lobisalamo tsiku limodzi kapena awiri. Ndiye pali nyumba yeniyeni yoberekeramo, yomwe imatha kupitirira mamita 10 m'litali, ya zipinda ndi makomo angapo. Nengo amabereka mwana mmodzi atatenga bere miyezi 7, choncho mukapha wamkazi mmodzi, malowo amatenga zaka kuti apezekenso wina. Sakhalitsa dzenje limodzi. Amasamukasamuka, ndipo limene walisiya silikhala lopanda mwini. Mumalowa njiri, nungu, nkhandwe, fisi wofuna poberekera, nsato, chiuli ndi ngaka. Moto ukabuka m'tchire, tinyama tambiri timapulumukira m'maenje omwewa.

Ndiye chonde, ana odyetsa ng'ombe auzeni izi. Dzenje lotere osaima kutsogolo kwake, osasuzumira, osapisamo dzanja. Njiri imalowa chafutambuyo, mano ataloza kukhomo, ndipo ikadzidzimuka imatuluka ndi liwiro loti yathyola mwendo wa munthu. Imani pamwamba, kumbuyo kwa khomo, muone zizindikiro. Dothi latsopano pakhomo, mapazi olowa opanda otuluka, ndi tintchentche tating'ono tikuzungulira, ndiye kuti mwini nyumba alimo. Ukonde wa kangaude wotseka khomo lonse ndi masamba ouma osapondedwa, ndiye kuti papita masiku chinyama chachikulu chisanalowemo, komabe njoka ikhoza kukhalamo.

Tsopano ngaka. Iyi ndiyo ikundiwawa mumtima kuposa zonse, chifukwa ikutha ndipo ikutengera ana athu kundende. Ngaka ya kuno kawirikawiri sikumba nyumba yakeyake, imadalira maenje a nengo, mapanga ndi mphako za mitengo yogwa. Nengo akatha, ngaka imasowa pogona. Imayenda ndi miyendo yakumbuyo, manja atapindidwa pachifuwa, mchira uli m'malere, n'chifukwa chake mapazi ake savuta kusiyanitsa ndi a nyama zina. Ilibe dzino ngakhale limodzi. Imadya nyerere makamaka, ndi chiswe pang'ono, ndipo imasankha mitundu yake. Mchenga ndi timiyala timene imameza ndi zimene zimapera chakudya m'mimba. Imabereka mwana mmodzi, osapitirira kamodzi pachaka, n'kumamubereka pamsana cha kutsinde kwa mchira. Ikaopsedwa imadzipinda ngati nkhata, mwana ali m'kati. Kwa mkango njira imeneyi imagwira ntchito. Kwa munthu ndiye tsoka lake, poti amangoitola.

Mamba ake amene anthu akuwafunawo ndi opangidwa ndi chinthu chomwecho chimene chimapanga zikhadabo zanu ndi ziboda za ng'ombe. Mulibe mankhwala. Mu 2016 maiko atakumana ku Johannesburg pa pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, analetseratu malonda a ngaka za mitundu yonse pakati pa maiko, ndipo kuno kwathu lamulo loteteza nyama zakutchire lomwe linakonzedwanso mu 2017 limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 kundende kwa wopezeka ndi ngaka, yamoyo, yakufa kapena mamba okha. Munthu wobwera ndi galimoto n'kukulonjezani mamiliyoni sadzakhalapo tsiku la mlandu. Amene amagwidwa ndi thumba m'manja ndi mwana wa m'mudzi muno.

Mukaipeza m'munda kapena panjira, chitani izi. Choyamba mangani agalu, anthu atalikire, phokoso lithe. Ikakhala yabwinobwino imadzitambasula yokha n'kumapita, ndipo palibenso china chofunika. Musaithire madzi kapena kuiyandikiza kumoto kuti itambasuke, komanso musalowetse zala pakati pa mamba, chifukwa ikagwedeza mchira mambawo amacheka. Ikakhala yovulala, kaya ndi khwekhwe kaya ndi agalu, inyamuleni ndi manja awiri ili chipindire, osati pogwira mchira, muiike m'bokosi lolimba loboola mpweya, pansi mutayala nsalu, pamthunzi. Musaipatse nsima, mkaka kapena chiswe chokumba nokha. Siidya, ndipo ngaka zosungidwa m'nyumba zimafa ndi ludzu, njala, mantha ndi chibayo m'masiku ochepa. Uzani amfumu nthawi yomweyo, aimbire a nthambi ya zanyama zakutchire kapena apolisi tsiku lomwelo, osagona nayo. Zovulala amapita nazo kwa madokotala a Lilongwe Wildlife Trust, ndipo zikachira amakazibwezera kutchire. Amene mumayendera waya wamagetsi wa paki, dziwaninso kuti waya wotsika kwambiri umapha ngaka: ukaigunda pamimba, m'malo mothawa imadzipinda mokulunga wayayo. Mukaona waya wagwera pansi, kanenereni.

Alimi a njuchi, ndikuona mwayamba kung'ung'udza, nkhani yanu ndi ya chiuli. Chakuda kumimba, chotuwa kuyambira pamutu mpaka kumchira, chachifupi, cholemera makilogalamu 10 kapena kupitirirako pang'ono, koma mphamvu zake n'zosayenerana ndi msinkhu. Chikopa chake n'chokhuthala komanso cholendewera, moti galu akachiluma pakhosi chimatembenukira m'chikopa momwemo n'kumuluma. Musachitumizire agalu, mutaya agalu. Pamng'oma chimafuna ana a njuchi kuposa uchi weniweniwo, ndipo masiku ena onse chimadya mbewa, zinkhanira ndi njoka, ngakhale mphiri ndi mamba.

Poizoni sathetsa vutoli. Mukapha chimodzi, china chimalowa m'dera lomwelo, ndipo nyama yothira mankhwala imaphanso agalu, nkhandwe ndi miimba. Chothandiza ndi kakhazikidwe ka mng'oma. Upachikeni ndi waya wolimba, osati luzi, kuti utalike mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, komanso utalikirane ndi thunthu mita yathunthu, chifukwa chiuli chimakwera mtengo. Mng'oma wolendewera umagwedezeka, chimasowa popondera kuti chikanganule. Ngati mwauika pa nsanja, nsichi zikhale zozama kuti chisazifukule, muzikulunge ndi lata losalala, ndipo mng'omawo muumangirire kunsanjako. Chivundikiro chimangeni ndi waya mbali zonse ziwiri. Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi thabwa lapansi lofumbwa kapena ming'alu yolowa chikhadabo, ndiponso zisa zotayidwa pansi pa mtengo mukatha kufula. Fungo limenelo ndi lomwe limachiitana, ndiye zisa zotsala muzipita nazo kunyumba. Chiuli kapena nkhandwe yoyenda masana osaopa anthu, dovu lili chuchuchu, ikhoza kukhala ya chiwewe. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Nungu sindichedwapo, mukuidziwa. Siponya minga ayi. Imaimika minga, kugwedeza mchira kuti uchite phokoso, kenako imathamangira mdani chafutambuyo, mingayo n'kutsalira m'thupi mwake. Zimakhala ziwiriziwiri, yaimuna ndi yaikazi, ndi ana amodzi mpaka atatu, ndipo pakhomo pa dzenje lawo mumapeza mafupa okukutidwa omwe zimatola kutchire. M'munda wa chinangwa, mbatata kapena maungu imalowera njira imodzimodzi usiku uliwonse. Pezani njirayo, mutseke ndi waya wa sefa kapena mpanda wothithikana, kumunsi mutaukwirira masentimita 30 mpaka 40. Mukangouimika pamwamba pa nthaka imadutsa pansi.

Mafunso awiri amene amabwera nthawi zonse ndiwayankhiretu. Loyamba ndi la moto. Moto wosakira mbewa wa mu Seputembala ndi Okutobala, udzu utaumitsitsa, umatentha kwambiri ndipo umathamanga kuposa ngaka, yomwe imangodzipinda n'kupsera pomwepo. Ngati malo akuyenera kutenthedwa, mafumu agwirizane ndi alangizi a zankhalango kuti atenthedwe mu Meyi kapena Juni, madzulo kapena m'mamawa mphepo itadeka, mutalambula m'mbali, komanso m'zigawozigawo kuti nyama zipeze kothawira.

Lachiwiri ndi la maenje a m'munda ndi m'njira za ngolo, omwe amathyola miyendo ya ng'ombe. Amenewo kwirirani, koma osati tsiku lomwe mwawaona. Madzulo salazani dothi la pakhomo ndi nthambi, mupingase timitengo tiwiri topyapyala. Kayang'aneni m'mawa uliwonse kwa masiku atatu kapena anayi. Timitengo tikasuntha kapena mapazi akaoneka, zikani mtengo wautali womangirira chiguduli kuti odyetsa ng'ombe azilambalala, mudikire kaye, poti nengo sachedwa kusamuka. Pakakhala zii masiku onsewo, yambani ndi miyala, kenako dothi, mutsindire bwino, chifukwa dothi lokha limatitimira mvula yoyamba ikagwa. Maenje a m'malire mwa munda, pa chulu ndi m'tchire losalimidwa asiyeni otsegula.